Mlengalenga Ukakhala wa Asilikali

Munthu wa ku Nkolokosa akakhala ndi ulendo wa ku Lilongwe amalawirira. Amatsika ndi minibasi kupita m'tauni, n'kukakwera basi pa Wenela, ndipo dzuwa likamafika pamutu amakhala atadutsa kale Zalewa ndi Ntcheu. Akafika cha ku Biriwiri ndi ku Lizulu amaona zimene apaulendo onse anazizolowera: msewu wa M1 womwewo ndiwo malire a mayiko awiri. Kudzanja lamanja ndi Malawi, kumanzere ndi Mozambique, ndipo amayi ogulitsa kachewere ndi kabichi amawoloka phula uku ndi uku popanda wowafunsa chiphaso. Chilankhulo ndi chimodzi, mafumu a Chingoni ndi apachibale, maliro amalira limodzi.

Kumwamba malirewo alibe chifundo chotero. Wotenga mapu n'kujambula mzere woongoka kuchokera ku Chileka kukafika ku bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi adzaona kuti mzerewo ukutuluka m'Malawi, n'kudula chigawo cha Angonia, n'kudutsa pamwamba penipeni pa tauni ya Ulongwe. Pa 6 Novembala 1987 ndege yaing'ono ya Air Malawi, ya mtundu wa Skyvan, inanyamuka ku Blantyre kulowera ku Lilongwe ndipo sinafike. Asilikali a Mozambique anaiwombera pafupi ndi Ulongwe, anthu onse 10 amene anali m'menemo n'kufa. Boma la Maputo linavomera kuti asilikali ake ndiwo anawombera, koma linati ndegeyo inalowa m'dziko lawo popanda chilolezo, m'dera limene munali nkhondo.

Limenelo ndi tsiku lakuda kwambiri m'mbiri ya tindege ting'onoting'ono ta m'dziko muno, timene timanyamula anthu ochepa, kuuluka chapansipansi ndi kutera pa mabwalo a udzu kapena a fumbi kutali ndi mizinda. Koma mbiri yonse ya tindegeti, kuyambira m'ma 1930, yayenda m'mapazi a asilikali. Nthawi iliyonse imene ankhondo afuna mlengalenga kapena bwalo, kandege ka anthu wamba n'kamene kapatuka, ndipo pamene kapatukapo kawirikawiri sikabwereranso.

Mkangano umenewu si wa kuno kokha. Ku America, mu 2015, boma linavomereza kukuza dera lophunzitsirako ndege zankhondo lotchedwa Powder River, limene limagwira zigawo za Montana, Wyoming, North Dakota ndi South Dakota. Derali linafika pafupifupi masikweya kilomita 90,000, komwe ndi kukula kwa mtunda wonse wa Malawi tikachotsapo nyanja. M'mbali zina za deralo ndege zikuluzikulu zoponya mabomba za B-1 zimaloledwa kutsika mpaka mamita 150 kuchokera pansi. Alimi a ng'ombe a kumeneko, amene ambiri amayendera ziweto zawo pa tindege tawo, anadandaula limodzi ndi onyamula odwala pandege. Lamulo limalola kandege kouluka poyang'ana ndi maso kulowa m'dera lotere, koma woyendetsa wanzeru amazungulira kapena kudikira, ndipo kuzungulirako ndi mafuta, kudikirako ndi nthawi ya wodwala. Komabe alimiwo anali ndi pokadandaulira. Panachitika misonkhano ya anthu onse, makalata analembedwa, ndipo maola amene asilikali amagwiritsa ntchito deralo amalengezedwa. Kwa zaka zambiri za mbiri yathu, bwalo lotere lokambirana kunalibe.

Ndege zonyamula anthu zinayamba kuyenda mwadongosolo ku Nyasaland mu 1931. Mzungu wina wa bizinesi ya zamtengatenga, C.J. Christowitz, anagula kandege ka Puss Moth, konyamula anthu awiri kuphatikiza pa woyendetsa, n'kuyamba kulumikiza Blantyre ndi Beira komanso Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Posakhalitsa ntchito yakeyo inalowa m'kampani yatsopano ya Rhodesia and Nyasaland Airways, imene anthu ankangoitcha RANA. Ulendo umene unkatenga masiku pa msewu wa fumbi wodzera ku Tete, kudikira pantoni pa Zambezi, unasanduka wa maola ochepa.

Kampaniyo sinakwanitse zaka khumi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba, Britain inkafuna malo a thambo loyera, kutali ndi ndege za Germany, kophunzitsirako anyamata ake kuuluka, ndipo Southern Rhodesia inali malo oterowo. Mu 1940 boma la kumeneko linatenga ndege ndi antchito a RANA n'kuziika pansi pa ulamuliro wake. Bwalo la Belvedere, limene linali bwalo la anthu wamba la Salisbury ndi kumene ndege zochokera ku Blantyre zinkatera, linasanduka sukulu ya oyendetsa ndege zankhondo chaka chomwecho. Masukulu ena anatsegulidwa ku Cranborne, ku Kumalo ndi ku Heany cha ku Bulawayo, ndi ku Thornhill ku Gwelo. Pomwe nkhondo inkatha, anthu pafupifupi 10,000 anali ataphunzirira kumeneko ntchito zosiyanasiyana za m'ndege. Aka kanali koyamba kuti maphunziro a asilikali ameze ndege za anthu wamba za chigawo chino, ndipo anazimeza zonse.

Nkhondo itatha, mu 1946, maboma atatu a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland anakhazikitsa Central African Airways. Nyasaland inali ndi gawo laling'ono kwambiri, 15 pa 100 alionse, koma ndi m'nthawi ya kampaniyi mmene tindege ta m'maboma tinafika pachimake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 kunabwera Beaver, ndege ya injini imodzi yopangidwa ku Canada, yonyamula anthu asanu ndi mmodzi kapena kupitirira pang'ono. Anaipangira nkhalango za kumpoto kwa dziko limenelo, choncho sinkafuna phula ayi. Inkangofuna malo osalazidwa ndi makasu, udzu wotchetchedwa bwino, ndi kansalu kopachikidwa pamtengo kosonyeza kumene mphepo ikulowera. Ma Beaver ankanyamuka ku Chileka n'kumatera pang'onopang'ono ngati minibasi ya ku Chilobwe pa masiteji ake: Zomba, Lilongwe, Salima, Mzimba, Mzuzu, Karonga, mpaka ku Fort Hill, kumene lero ndi Chitipa. Nyengo ya dzinja, misewu ya kumpoto ikasanduka matope ndipo milatho ya mitengo ikakokoloka, makalata, mankhwala ndi malipiro a antchito aboma zinkafika ndi kandege kameneka. Ngakhale nyanja inakhalapo bwalo: kuyambira kumapeto kwa 1949, kwa chaka chimodzi chokha, ndege zotera pamadzi za BOAC zochokera ku England kupita ku Johannesburg zinkaima ku Cape Maclear.

Tisanamize ana athu kuti imeneyi inali nthawi yabwino kwa onse. Mipando ya mu Beaver munkakhala ma DC, eni minda ya tiyi ndi fodya, amishoni ndi amalonda. Mwana wa ku Misuku kapena ku Kota Kota ankangoiona ikudutsa, ndipo bambo ake mwina ndiwo ankatchetcha bwalolo. Amalawi oyamba kukwera ndege mwaunyinji anali amuna opita ku migodi ya ku Joni. Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya m'migodi limene dzina lake linatsala pa depoti ya mabasi ya ku Blantyre, inali ndi ndege zakezake zonyamula amunawa kupita nawo ku Francistown m'dziko la Botswana, kumene ankakwera sitima ya pamtunda. Pa 4 Epulo 1974 imodzi mwa ndegezo, ya mtundu wa DC-4, inagwa itangonyamuka ku Francistown ikubweretsa anthu kumudzi. Anafa anthu 78, ndipo 74 mwa iwo anali Amalawi ochokera ku migodi. Ofufuza anapeza kuti mafuta amene inamwetsedwa anali osakanikirana ndi a ndege za mtundu wina. Kamuzu Banda anaimitsa ulendo wa Wenela nthawi yomweyo, pomwe Amalawi oposa 100,000 anali kugwira ntchito m'migodi ya South Africa.

Anthu a m'midzi anadziwa msanga kuti bwalo la ndege ndi khomo, ndipo khomo limalowetsa mlendo wabwino ndi woipa yemwe. Zimenezi zinaonekera poyera mu 1959. Dr Banda anali atatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958, atalandiridwa ndi chinamtindi cha anthu, ndipo m'miyezi yotsatira dziko linatentha pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mu Febuluwale 1959 otsatira chipani cha Congress ku Fort Hill analanda bwalo la ndege n'kuunjikapo miyala ndi mitengo kuti pasatere kanthu. Iwo ankadziwa kuti pamene pamatera Beaver ya makalata ndi pomwe padzatere ndege ya asilikali. Boma la atsamunda linachita kupempha apolisi a ku Tanganyika kuti awoloke malire kudzathandiza kutsegula bwalolo.

Ku Chileka kunali piringupiringu. Ndege za Dakota zinkatsitsa asilikali ochokera ku Southern Rhodesia, ndipo ndege zankhondo za chitaganya zinkauluka chapansi pamwamba pa midzi, zina zikumwaza timapepala toopseza, zina utsi wokhetsa misozi. M'bandakucha wa pa 3 Malichi, Bwanamkubwa Robert Armitage atalengeza kuti dziko lili pa chiopsezo, Dr Banda anatengedwa kunyumba kwake ku Limbe n'kukwezedwa ndege pa bwalo lomwe lija analandiridwapo, ulendo wa ku ndende ya Gwelo. Ena mazanamazana anatsekeredwa ku Kanjedza, mtunda woyenda pansi kuchokera pamene pali Nkolokosa lero. Komiti ya Devlin, imene inafufuza zimenezi, inawerenga Aafirika 51 ophedwa. Mabwalo amene anamangidwa m'dzina la makalata ndi malonda anagwira ntchito ya nkhondo popanda kusintha ngakhale mwala umodzi.

Ufulu utabwera, Air Malawi inabadwa mu 1964 ngati nthambi ya Central African Airways, n'kuima payokha mu 1967. Inalandira ma Dakota ndi ma Beaver, kenaka inagula ndege za Islander ndi HS 748 zoyenda m'dziko muno. Koma maso a boma anali pa zazikulu. Mu 1972 kunabwera ndege ya jeti ya BAC 1-11, ndipo kuyambira mu 1974 chindege cha VC10 chinkanyamula mbendera ya Malawi mpaka ku London, ulendo umene unatha mu 1979 chifukwa unkadya ndalama zambiri. Likulu linasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, ndipo bwalo latsopano la ku Lumbadzi linatsegulidwa mu 1983.

M'zaka zomwezo asilikali a Malawi anapeza mapiko awoawo. Nthambi ya ndege ya gulu la nkhondo inakhazikitsidwa mu 1976 mothandizidwa ndi West Germany, imene inapereka tindege ta Dornier 27 ndi Dornier 28. Mahelikopita anachokera ku France, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kunabwera Dornier 228. Ndege zimenezi zinkafunika mabwalo, ndipo mabwalo analipo kale. La ku Zomba, limene linali siteji yoyamba ya Beaver ikachoka ku Chileka, linakhala la asilikali. Bwalo lakale la Lilongwe, cha kumsewu wa ku Mchinji, nalonso linapita kwa asilikali ndege za anthu wamba zitasamukira ku Lumbadzi. Lero m'mizinda iwiri yonseyi dzina loti Airwing ndi dzina la dera, lotchulidwa ndi makondakitala, ndipo achinyamata ambiri sadziwa kuti kale munthu ankagula tikiti n'kukwera ndege pamenepo.

Palibe amene angatsutse kuti dziko lodziimira palokha liyenera kukhala ndi ndege zankhondo ndi malo ophunzitsirako oziyendetsa. Chimene chinasowa ndi kulowetsa china m'malo mwa chimene chatengedwa. Zomba, mzinda wa yunivesite, wa phiri lokopa alendo ndi wa chipatala chachikulu, unatsala wopanda bwalo limene kandege ka munthu wamba kangatere popanda kupempha kaye kwa asilikali. Ku Lilongwe, bwalo lomwe linali pafupi ndi tauni linatsekeka, ndipo woyendetsa kandege amatera makilomita oposa 20 kunja kwa mzinda, pakati pa zindege za mayiko ena. M'dziko la chipani chimodzi panalibe woimirira kufunsa ngati zimenezi zinaganiziridwa bwino.

Pa nthawiyo mlengalenga wa chigawo chonse unali utayamba kununkha wonga. Pa 3 Seputembala 1978 asilikali a ZIPRA, olimbana ndi boma la Rhodesia, anagwetsa ndi mzinga ndege ya Air Rhodesia itangonyamuka ku Kariba, ndipo anagwetsanso ina pa 12 Febuluwale 1979. Pakati pa ziwirizi, pa 19 Okutobala 1978, ndege za Rhodesia zinalowa mu Zambia kukaphulitsa msasa wa ZIPRA wa ku Chikumbi, pafupi ndi Lusaka, kumene kunafa anthu mazana. Mkulu wa chiwembucho, wodzitcha Green Leader, analankhula pa wailesi ndi oyang'anira ndege pa nsanja ya bwalo la Lusaka, kuwalamula kuti ndege zankhondo za Zambia zisanyamuke, ndipo ndege ya Kenya Airways imene inkafuna kutera inauzidwa kudikira. Kwa kanthawi, thambo la likulu la dziko lodzilamulira linali m'manja mwa adani ake.

Malawi anali pakatikati pa moto umenewu, atazunguliridwa ndi Mozambique mbali zitatu. Pa 11 Seputembala 1986 Samora Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe anabwera ku Blantyre kudzakumana ndi Kamuzu, akumuimba mlandu woti dziko lake likusunga zigawenga za Renamo. Atabwerera kwawo, Machel anaopseza kuti atseka malire ndipo aika mizinga moyang'ana Malawi. Patangotha milungu isanu, pa 19 Okutobala, iye mwini anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini akuchokera ku msonkhano ku Mbala. Malawi ndi Mozambique anasainirana pangano la chitetezo mu Disembala chaka chomwecho, ndipo mu 1987 asilikali a Malawi anayamba kulondera njanji ya ku Nacala. Choncho pamene Skyvan ija inkawomberedwa, pa pepala Malawi ndi Mozambique anali abwenzi. Koma msilikali wokhala mu ngalande ku Angonia, atamva kulira kwa injini chapansi, sawerenga mapangano. Ndege yaikulu ikadadutsa pamwamba kwambiri, kumene mfuti zake sizifika. Kandege kalibe mwayi umenewo, ndipo n'chifukwa chake nthawi zonse kamakhala koyamba kulipira.

Nkhondo ya Mozambique inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, itathamangitsira anthu pafupifupi miliyoni imodzi m'Malawi. Mtendere unabwera, koma tindege sitinabwerere m'maboma.

Pano tiyenera kunena chilungamo: asilikali sanaphe okha ntchito imeneyi. Phula linachita mbali yaikulu. Msewu wa M1 utakonzedwa mpaka ku Karonga, ndi wa m'mbali mwa nyanja utatha, basi inatenga anthu amene kale akadafuna ndege, pa mtengo umene mphunzitsi angakwanitse. Mafuta a tindege ta mapisitoni ndi odula ndipo sapezeka paliponse, zipangizo zonse zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Air Malawi, imene inkafika ku Mzuzu ndi ku Karonga, inamira m'ngongole n'kutsekedwa mu 2013, ndipo kampani imene inalowa m'malo mwake mu 2014, mogwirizana ndi Ethiopian Airlines, inaika mtima pa Lilongwe, Blantyre ndi mizinda yakunja. Bwalo la pa boma limene sipatera ndege kwa zaka silikhala lopanda ntchito. Anyamata amaikapo magolo a mpira, ng'ombe zimadyapo, njira ya kumsika imadutsa pakati, wophunzira galimoto amayeserapo, ndipo m'mphepete mumayamba kumera maziko a nyumba. Bwalo likangomangidwapo, latha. Kupezanso malo athyathyathya a kilomita imodzi pafupi ndi boma, m'dziko limene anthu ake apitirira 20 miliyoni, ndi nkhani ya chipukuta misozi chimene khonsolo iliyonse singakwanitse.

Komabe tindege tilipo, ndipo ntchito yake ndi yoposa imene anthu a m'tauni amaganiza. Timanyamula alendo kupita ku Likoma, ku Mvuu m'nkhalango ya Liwonde, ku Chelinda pamwamba pa Nyika ndi ku Makokola m'mbali mwa nyanja ku Mangochi. Minda ya nzimbe ya ku Nchalo ndi ku Dwangwa ili ndi mabwalo ake. Madambo a Chilwa ndi Chiuta ndi amodzi mwa malo amene dzombe lofiira limaswanirana, ndipo bungwe la mayiko lolimbana nalo, limene likulu lake lili ku Ndola, limalizonda ndi kulipopera kuchokera m'mwamba. Pamene njovu zoposa 500 zinkasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, mankhwala ozigonetsa ankalasidwa kuchokera mu helikopita. Likoma ndiye chitsanzo chomveka kwambiri. Chilumbachi chili m'madzi a Mozambique, sitima ya Ilala imafikako mwa apo ndi apo pa mlungu, ndipo mwera ukakwiya, njira yachangu yotulutsira wodwala mwakayakaya ndi ya m'mwamba basi.

Onsewa amauluka mofanana: chapansi, kunsi kwa mitambo, woyendetsa akuyang'ana mapiri, mitsinje ndi misewu ndi maso ake. Kumidzi kulibe nsanja yomuuza kuti kutsogolo kuli ndege ina. Amangolengeza pa wailesi pamene ali ndi kumene akulowera, n'kukhulupirira kuti wina aliyense m'deralo akumva ndipo akuchita chimodzimodzi. Asanayambe ulendo amawerenga zidziwitso zimene oyendetsa ndege amazitcha NOTAM, zonena za bwalo lotsekedwa, malo amene asilikali akuwombera kapena kumene akudumpha ndi maparachuti. Ndege ya asilikali yophunzitsira imauluka pa msinkhu womwewo. Chitetezo cha onse awiri chagona pa zinthu zosaoneka ndi maso: chidziwitso chotuluka pa nthawi yake, wailesi yogwira ntchito, ndi lipoti la nyengo lolondola. Aliyense wokhala m'munsi mwa phiri la Soche amadziwa mmene chiperoni chimaphimbira phiri lonse m'mphindi zochepa.

Anthu a ku Nkolokosa anaona kufunika kwa zonsezi mu Malichi 2023. Namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, matope ndi miyala zinatsetsereka kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, kwa anansi awo enieni. Kumeneko opulumutsa anafika ndi makasu ndi mafosholo chifukwa ndi m'tauni. Koma ku Nkhulambe m'boma la Phalombe, ku Muloza ku Mulanje ndi ku Makhanga ku Nsanje misewu ndi milatho zinali zitapita, ndipo anthu anakhala masiku akuyang'ana kumwamba. Asilikali athu anagwira ntchito yotamandika m'matope ndi m'madzi, ndipo ayenera ulemu. Koma mahelikopita okwanira panalibe, mpaka Tanzania ndi Zambia anatumiza awo. Dziko limene zaka 70 zapitazo linali ndi kandege kotera m'maboma ambiri mlungu uliwonse linadikira ndege za anansi kuti lifikire anthu ake.

Patangotha chaka chimodzi ndi miyezi itatu, pa 10 Juni 2024, Dornier 228 ya asilikali inanyamuka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu itanyamula Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, amene ankapita ku maliro a Ralph Kasambara ku Nkhata Bay. Nyengo inali yoipa, ndegeyo sinafike ku Mzuzu, ndipo inagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Anthu onse 9 anafa, kuphatikizapo mayi Patricia Shanil Dzimbiri, ndipo zotsalira zake zinapezeka tsiku lotsatira. Akatswiri ofufuza ngozi za ndege a ku Germany anapeza, mwa zina, kuti batire la kachipangizo kamene kamalira ndege ikagwa kuti ipezeke msanga linatha mphamvu mu 2004. Ndegeyo inali itatumikira dziko kuyambira m'ma 1980. Pa ulendo wa Lilongwe–Mzuzu, umene kale unali wa ndege za anthu wamba, ndege ya asilikali ndiyo inali itasenza ntchitoyo, m'mlengalenga mmene zothandizira woyendetsa zinali zochepa kwa msilikali ndi munthu wamba yemwe. Kufooka kwa mbali imodzi sikunalimbitse inayo.

Pali chitsanzo chimodzi cha m'dziko muno chosonyeza kuti mlengalenga ungagawidwe poyera ndi mwadongosolo. Mu Juni 2017 boma ndi UNICEF anapatula dera lozungulira bwalo la ndege la Kasungu, makilomita 40 mbali zonse, kuti mukhale moyeseramo tindege topanda woyendetsa, timene ambiri amati madroni, tonyamula mankhwala ndi magazi okayezetsa komanso tojambula madera a madzi osefukira. Malire a deralo analembedwa, msinkhu wouluka unaikidwa, ndipo mafumu ndi anthu a m'midzi anafotokozeredwa tindegeto tisanayambe kuuluka. Mu Januwale 2020 sukulu yophunzitsa achinyamata kupanga ndi kuyendetsa madroni inatsegulidwa ku Lilongwe. Bwalo lakale la pa boma, limene likadatha kusanduka maploti, linapeza ntchito yatsopano chifukwa linali lisanamangidwepo.

Madroniwo akuchuluka, ndipo nawonso amauluka chapansi. Nthambi ya ndege ya asilikali inakwezedwa mu 2019 kukhala gulu loima palokha la Malawi Air Force, ndipo gulu lotere likamakula lidzafuna ndege zatsopano ndi malo okulirapo ophunzitsira. Zimenezi zidzachitika m'dziko lopapatiza, limene m'malo ambiri m'lifupi mwake simukwana makilomita 160, lokhala ndi mapiri mbali zonse ndi malire a eni ake pafupi. Lamulo la zandege la 2017 linakhazikitsa bungwe loyang'anira ndege za anthu wamba. Bungwe limeneli ndi akuluakulu a asilikali akhale pansi nthawi ikadalipo, alembe poyera madera ndi maola a maphunziro a nkhondo, atsegule njira yoti ndege yonyamula wodwala kapena chithandizo izitera ku Zomba ndi ku Airwing ya Lilongwe popanda kuchedwetsedwa, ndipo amve maganizo a oyendetsa tindege asanajambule mzere uliwonse pa mapu. Makhonsolo ndi aphungu nawo ayendere mabwalo a m'maboma awo, a ku Nsanje, Bangula, Mangochi, Salima, Kasungu ndi Chitipa, aike zipilala m'malire mwake ndi kuletsa kugawa maploti mmenemo mvula ya chaka chino isanayambe.